Dzina la Yani Lidzalembedwa pa Chikalata cha Munda?

Mafumu athu olemekezeka, Manyakwawa, ndi inu nonse ziwalo za Bungwe lathu, okhala kuyambira m'tsinde mwa phiri la Michesi kufikira ku gombe la Nyanja ya Chilwa:

Mau amene tiwaika pamaso panu m'kalata ino ndiwo a munda, ndi a pepala limene Boma lilemba ponena za munda. Mudziwa kuti m'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo idakhazika malamulo atsopano a malo, ndi kuti mwa iwo muli lina lonena za malo a makolo, aja tidazolowera kuwatcha malo a mafumu. Lamulo limeneli lipatsa munthu wa kumudzi njira yakulembetsa munda wache ndi kulandirapo chikalata. Ndipo pamene adafuna kuyesa nchito imeneyi isanafalikire m'dziko lonse, Phalombe lidali limodzi la maboma atatu amene adayeseramo, pamodzi ndi Kasungu ndi Rumphi. Tsono ena mwa ife akondwera, nati, Munda wanga sudzalandidwanso. Ena achita mantha, nati, Ufumu watha. Koma funso limene ife tiliyesa lalikuru koposa sitinalimve likufunsidwa kokwanira pa mabwalo athu, ndilo ili: pa chikalatacho padzalembedwa dzina la yani, ndipo adzatsala wosalembedwa ndani?

Sitifunsa ichi mwa chipongwe, iai. Tifunsa chifukwa dziko lino lidachionapo kale chikalata cha munda, ndipo zipsera zache zikali kuoneka.

M'chaka cha 1891 Angerezi adalengeza kuti dziko lino liri pansi pa chitetezo chao, natuma Harry Johnston kudzalamulira ali ku Zomba. Iye adapeza kuti azungu amalonda ndi a minda adatsogola kale, ndipo yense anali kunena kuti, Ine ndidagula dziko lakuti kwa mfumu yakuti. Mitengo yache idali nsalu, mikanda, waya wamkuwa, mfuti ndi onga. Mfumu imene idalandira zinthu zotere idayesa kuti yaloleza mlendo kukhala ndi kulima, monga mwa mwambo wathu. Pakuti kugulitsa nthaka kosabwezanso, pamodzi ndi manda ndi mitsinje yache, sikudali m'maganizo a makolo athu, ndiponso mfumu idalibe mphamvu yakutero. Koma kuyambira 1892 Johnston adayamba kupereka kwa azunguwo makalata otchedwa Certificate of Claim, ndiwo umboni wa Boma wakuti dzikolo ndi lao. Eugene Sharrer yekha adatenga maekala oposa 360,000. A banja la Alexander Low Bruce, uja adakwatira mwana wamkazi wa David Livingstone, adakhala ndi maekala 169,000 ku Magomero, ndi munda wina wocheperapo ku Likulezi, kwathu konkuno.

M'makalata ambiri Johnston adaikamo mau oteteza anthu, akuti midzi ndi minda imene idalipo pa nthawi yakulembedwa kalatayo isasunthidwe popanda chilolezo cha Boma. Pakuwamva mauwa ali okoma ndithu. Koma taonani pamene padali msampha. Makolo athu sadali kulima malo amodzi zaka zonse. Nthaka ikatopa adali kusamuka, natsegula mphanje pena. Mudzi ukasuntha pang'ono pokha udali kutuluka m'chitetezo chija, ndipo anthu ache adasanduka alendo pa dziko limene adabadwirapo. Ndiponso padalibe munthu adalemba maina a otetezedwawo, kapena kuyesa malire a minda yao. Malire a mzungu adakhala pa pepala. Malire a mwini dziko adatsala m'mitu ya nkhalamba, ndipo nkhalamba zimafa.

Kuonjezera apa, mauwo sadanene kanthu za iwo amene adzabwera m'tsogolo. Ndipo adabweradi. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 Alomwe adayamba kulowa m'dziko muno kuchokera ku dziko la Apwitikizi, alikuthawa njala, msonkho ndi nchito yokakamiza. Ndipo ambiri adadzera m'chigwa chathu chomwechi, pakati pa phiri la Mulanje ndi Nyanja ya Chilwa, mabanja athunthu ndi mitolo pamutu. Kalembera wa 1921 adawapeza ali monga 120,000. Wa 1945 adawapeza ali monga 380,000. Amenewa ndiwo agogo a ambiri a ife owerenga kalata ino. Iwo amene adapatsidwa malo ndi mafumu a Anyanja ndi Ayao adapumako. Koma iwo amene adakhala pa minda ya azungu adalibe ufulu uli wonse pa lamulo. Mwini munda adali nayo mphamvu yakuwapitikitsa tsiku liri lonse, ndipo chifukwa cha ichi adawakonda koposa eni dziko, pakuti munthu wopanda kobwerera sakana nchito.

Apa ndipo padabadwira thangata amene agogo athu adamlira. Mau awa akuti thangata adali mau abwino pachiyambi: anthu adali kuthangatana, lero m'munda wa uyu, mawa m'munda wa uyo, nthawi zina m'munda wa mfumu, nadya pamodzi, namwa. Eni minda adawatenga mauwa nawapotoza kuti akhale dzina la nchito yolipira malo okhalapo. Ndipo Boma lidathandiza ndi dzanja lache lina, ndilo msonkho wa nyumba, umene udali masheleni 3 m'chaka cha 1894. Pofika 1902 udali masheleni 6, koma munthu wogwira nchito kwa mzungu mwezi umodzi adali kukhoma 3 okha. Chotero mwezi umodzi udali wa malo, mwezi wina wa msonkho. Ndipo miyeziyo idafunidwa m'dzinja, nthawi imene munda wa munthu mwini ufuna khasu. Ku Magomero, pansi pa William Jervis Livingstone, mwezi udali kutalika monga afunira wolemba tikiti, akazi amasiye adagwiritsidwa nchito, ena adalipidwa fodya m'malo mwa ndalama, ndipo nyumba za mapemphero za anthu a John Chilembwe zidatenthedwa.

Pali mlandu umodzi wa masiku amenewo umene tipempha Mafumu athu kuti ausunge m'mtima. M'chaka cha 1903 mkuru wa Boma woyang'anira za anthu akuda adasumira kampani ya Blantyre and East Africa ku bwalo lalikuru, chifukwa kampaniyo idapangana ndi manyakwawa kuti anthu ao ataye chitetezo chija cha m'makalata a Johnston, ndi kuyamba kugwira nchito yolipira malo. Woweruza Nunan adapeza kuti panganolo lidali lopanda chilungamo, ndi kuti manyakwawa adalibe mphamvu yakutaya ufulu wa anthu ao. Chiweruzo chidali chabwino, koma sichidapulumutse anthu ambiri. Chifukwa ninji? Chifukwa pofunsa kuti, Eni akale ndi ati, obwera ndi ati? padalibe buku loyankha. Ufulu udalipo, koma mwini ufuluwo sadadziwike. Ndipo pamene Bungwe la Malamulo lidakhazikidwa ku Zomba m'chaka cha 1907, eni minda adapeza mipando m'menemo, ndi Alexander Livingstone Bruce yemwe wa ku Magomero adakhalapo. Koma munthu wakuda sadalowemo kufikira 1949. Zaka zonsezo wotinenera adali mmishoni. Ena a iwo adatinenera ndi mtima woona, sitikana. Koma mwana amene amayi ache amtumira mnansi kukamnenera mlandu adziwa yekha kusiyana kwache.

Zotsatira muzidziwa. Usiku wa 23 January 1915 anthu a Chilembwe adalowa ku Magomero napha Livingstone; ndipo pa 3 February Chilembwe adaomberedwa m'dziko lino la Mulanje, ali pa ulendo wolinga ku malire. Boma lidafufuza, lidamva zoipa za ku Magomero, koma thangata sadathe. Lamulo la 1928 lidaloleza munthu kulipira malo ndi ndalama, kapena mbeu, kapena nchito. Koma lomwelo lidapatsa mwini munda mphamvu yakuchotsa banja limodzi mwa mabanja khumi pakutha pa zaka zisanu ziri zonse. Mabungwe a eni dziko adalemba madandaulo chaka ndi chaka. M'chaka cha 1943 Lewis Mataka Bandawe ndi anzache adakhazika bungwe la Alomwe, naumiriza Boma kuti lileke dzina lonyoza lija la Anguru. M'chaka cha 1944 mabungwe adalumikizana napanga Nyasaland African Congress, mtsogoleri wache woyamba ndiye Levi Mumba. Sir Sidney Abrahams adafufuza za malo m'chaka cha 1946, nalangiza Boma kuti ligule malo amene eni minda sadali kuwalima. M'chaka cha 1953 mwazi udakhetsedwa ku Thyolo ndi madera oyandikana nako, nafa anthu 11. Thangata adathetsedwa ndi lamulo m'chaka cha 1962. Werengani nokha: kuchokera 1892 kufikira 1962 ndizo zaka 70. Chimene cholembera chidachita m'zaka ziwiri kapena zitatu, mibadwo itatu idachibvutikira pochifafaniza, ndipo sichidafafanizike chonse. Pakuti m'chaka cha 2004 Boma lidayamba nchito ija ya Kudzigulira Malo, yosamutsa mabanja osowa minda a ku Thyolo ndi Mulanje kunka nao ku Machinga ndi Mangochi.

Wina adzati, Izo zidali za azungu, tsopano tidzilamulira tokha. Tiyankha mwaulemu kuti pepala siliona khungu la wolemba. Titalandira ufulu, lamulo la malo la 1965 lidaika malo a makolo m'dzina la Mtsogoleri wa dziko, ndipo nduna idali nayo mphamvu yakuwabwereketsa kwa munthu kwa zaka zambiri. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 malo ambiri a midzi, makamaka m'chigawo chapakati, adasanduka minda ya fodya ya anthu amphamvu, akuda anzathu. Ndipo pa masiku amenewo wodandaula adali kuyamba wayang'ana kumbuyo kwache. Chifukwa chache pamene dziko lidalemba malamulo ache akuru m'chaka cha 1994, lidaikamo mau akuti mphamvu zonse za Boma zichokera kwa anthu, ndipo wolamulira azigwira monga wosungitsidwa; kuti anthu onse ali olingana pa lamulo, popanda kusankha mtundu, chinenero, kapena kuti uyu ndi mwamuna uyu ndi mkazi; kuti mkazi ali nao ufulu wakukhala ndi chuma m'dzina lache; ndi kuti katundu wa munthu asalandidwe popanda chifukwa chothandiza dziko ndi malipiro oyenera. Mau amenewa ndi athu, tidawagula ndi mtengo wowawa. Koma akumbukireni mau oteteza a Johnston: naonso adali okoma pa pepala.

Tsopano tibwere ku nchito imene iri pakhomo pathu. Lamulo la 2016 linena kuti m'dera la mfumu ya gulupu mukhale komiti ya malo, wapampando wache ndiye gulupu mwini, pamodzi ndi anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, ndipo mwa iwo akazi asachepere 3. Linenanso kuti milandu ya malo iyambire ku bwalo limene wapampando wache ndiye mfumu yaikuru ya dera. Tsono Mafumu amene adaopa kuti atayidwa kunja aone kuti ali m'kati ndithu. Ndipo popeza ali m'kati, chabwino chikachitika ulemu udzakhala wao, choipa chikachitika mlandu udzakhalanso wao.

Oyamba amene tiwaopera ndiwo amayi athu ndi alongo athu. Kuno kwathu, kwa Alomwe, Anyanja ndi Ayao omwe, munda uyenda ndi mbumba. Mwamuna adza kudzakhala chikamwini, alima munda wa mkazi wache, ndipo ukwati ukatha anyamula khasu lache ndi mphasa yache nabwerera kwao. Munda utsala kwa mkazi ndi ana. Mwambo umenewu wasunga ana amasiye osawerengeka. Koma mlembi akafika pakhomo ndi buku, nafunsa kuti, Mwini nyumba ndani? adzatuluka ndi mwamuna, pakuti ndiye azolowera kulankhula ndi alendo, ndipo kawirikawiri ndiye adziwa kulemba. Mkazi adzakhala kuseri alikupeta. Dzina la mkamwini likalowa pa chikalata, mwambo wa zaka mazana udzagwa tsiku limodzi popanda wofunsa, ndipo pakutha zaka khumi mudzaona mkazi alikupitikitsidwa pa munda wa amayi ache ndi abale a mwamuna, ali ndi pepala m'manja. Ndiponso tisabise za amalume. Mwini mbumba ali wosunga, sali mwini nthaka. Iye akalembetsa minda ya alongo ache m'dzina lache yekha, nati, Ndiwasungira, angakhale anene zoona ndi mtima wonse, ana ache omubala sadzawerenga mtima wache, adzawerenga pepala. Sitikana kuti mwamuna amene adakhetsa thukuta zaka 30 pa munda wa mkazi wache, nabzalapo mitengo, namangapo nyumba ya njerwa, ali ndi chonena; lamulo liloleza kulemba maina awiri kapena a banja pa chikalata chimodzi, ndipo nkhani yotere ikambidwe poyera, onse ali pomwepo. Chimene tikana ndicho kulemba kwa mseri. Ndipo akazi atatu aja a m'komiti asakhale osankhidwa chifukwa cha kufatsa kwao. Tifuna aja amene mudzi uwatcha olongolola, odziwa kuti malire a munda wa uje adutsa pa chulu chiti.

Ena ndiwo amene tiwatcha obwera. Pali midzi imene banja lakhalamo zaka 40, laikamo maliro ache, koma pa tsiku la mlandu likumbutsidwa kuti lidachokera kwina. Ku madoko a Chilwa, monga ku Swang'oma, kuli asodzi amene makolo ao adatsata matemba kuchokera ku maboma ena, nakwatira konkuno. Ife, adzukulu a iwo amene adaoloka malire ndi mitolo pamutu, natchedwa dzina lonyoza, nagwira thangata chifukwa chakuti adafika kalata italembedwa kale, tidzachita manyazi otani tikamchitira mnzathu chomwecho! Munthu amene adapatsidwa malo ndi mfumu pamaso pa mboni, nawalima kufikira lero, alembedwe monga ena onse.

Koma nkhani imene itibvuta koposa, ndi imene alembi a malamulo okhala ku Lilongwe sangaione bwino monga tiionera ife, ndiyo ya dambo la nyanja. Chilwa si nyanja yokhala pamodzi. Ilandira madzi a Phalombe, Sombani, Namadzi, Thondwe, Likangala ndi Domasi, koma iribe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo ndi yosaya. Chaka cha mvula ikwera nimiza minda, chaka cha chilala ibwerera kutali. Idaphwa m'chaka cha 1968, idaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 anthu adayenda pansi pamene padali kuyenda mabwato. Tsono pakati pa mtunda ndi madzi pali dziko lalikuru limene chaka chino ndi nyanja, chaka cha mawa ndi munda wa mpunga, chaka china ndi busa la ng'ombe. M'menemo ndimo mumera njedza, ndimo asodzi amanga zimbowera zao, ndimo muswana mlamba, makumba ndi matemba, ndimo osaka mbalame apeza ndiwo ndi ndalama. Wamasiye wopanda munda wa kumtunda adya za m'menemo. Kodi dziko lotere mwini wache ndani? Mlembi akadza m'chaka cha chilala adzapeza nthaka youma, yoyeseka bwino ndi chingwe. Ndipo munthu wochenjera wa ndalama, amene ali ndi ng'ombe zambiri kapena makina olimira, adzaima pomwepo nati, Lembani, ndi panga. Madzi akabwerera, chikalata chache sichidzamira. Adzauza msodzi kuti, Wayala ukonde pa munda wanga. Adzauza mbusa kuti, Ng'ombe zako zaponda malo anga. Umo ndimo adayambira Sharrer, ngakhale iye adayamba ndi nsalu.

Ife tiyesa kuti malo a m'dambo, madoko, njira za ng'ombe zopita ku madzi, manda ndi nkhalango za midzi ziyenera kulembedwa poyamba, munda wa munthu ali yense usanalembedwe, ndi kulembedwa kuti ziri za mudzi wonse. Kuzisiya zosalembedwa ndiko kubwereza cholakwa cha 1892, pakuti lamulo la 2016 lidawerenga malo a makolo amene sadagawidwe kwa munthu kuti ali malo a onse, ndipo mau awa akuti a onse, popanda malire odziwika ndi owayang'anira odziwika, asanduka msanga a iye amene afika woyamba ku ofesi. Ndiponso dambo limeneli lidalowa m'pangano la maiko la Ramsar m'chaka cha 1997, loyamba m'Malawi muno. Chotero Boma lomwe lidalonjeza pamaso pa maiko kuti lidzalisunga, ndipo tiri nao ufulu wakulikumbutsa lonjezo lache.

Kuti anthu a kuno akhoza kusunga chinthu cha onse, tidaonetsa kale. Nyanja itaphwa mu 1995, mafumu ndi anthu ao adapangana kuteteza nsomba zotsala m'maiwe a mitsinje, naletsa kuthira mankhwala ndi kukokamo maukonde. Ndipo madzi atabwerera nsomba zidabwerera nao. Lamulo la usodzi la 1997 lidabvomereza kuti anthu a kumadoko akhale ndi mbali pa kuyang'anira nsomba. Lamulo lopangana anthu alisunga ngakhale usiku. Koma akuluakulu athu akumbukira malimidwe a m'zaka za m'ma 1950, pamene mizere, chinthu chothandiza nthaka, idadedwa m'dziko lonse chifukwa idadza ndi chindapusa ndi ndende.

Mafumu athu, tilankhula nanu monga ana alankhula ndi atate ao, ndipo mutikhululukire ngati mau alemera. Masiku ano zimveka m'maboma ambiri kuti nyakwawa wina wagulitsa malo a mudzi kwa munthu wa m'tauni, anthu ache osadziwa. Sititchula munthu, ndipo tikhulupira kuti ambiri a inu mudana nacho chinthu chotere. Koma chiweruzo cha 1903 chidanena zimene mwambo wathu udanena kale, kuti ufulu wa anthu suli katundu wa mfumu. Chidindo chanu lero chiri ndi mphamvu imene chala cha mafumu aja chidali nayo pa mapepala a Johnston. Kusiyana kwache ndiko kuti iwo sadadziwe chimene adali kuchita, koma inu mudziwa. Nkhanga zidapangana kusanapse.

Chifukwa chache tipempha kuti pa msonkhano ukudzawu Mfumu iri yonse ya gulupu idze itafunsa nkhalamba zache, amuna ndi akazi, za malo a onse a m'dera lache, ndi pamene madzi adafika m'chaka cha mvula yaikuru koposa imene iwo aikumbukira. Pakuti pamenepo ndipo tiyesa kuti payenera kukhala malire a dambo. Kumene komiti ya malo idasankhidwa kale, maina a ziwalo zache awerengedwe pa msonkhano, kuti tidziwe ngati akazi alimo monga mwa lamulo, ndi ngati adasankhidwa ndi mudzi kapena adangotchulidwa. Ziwalo za Bungwe zodziwa kuwerenga zidzipereke kukakhala pa tsiku lakuyesa minda, kuti ziwerengere mokweza nkhalamba ndi amasiye zimene zalembedwa, chala chisanadindidwe. Ndipo asodzi a ku madoko, amene nthawi zambiri saitanidwa chifukwa agona pa madzi, atumiziridwe mthenga masiku akadalipo.